Kuyeza mphamvu za matimu: phunziro la ku Doha

Matimu awiri akakhala kuti sanasewere ndi adani ofanana, akatswiri a zamasewero amawayerekeza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuona momwe aliyense anachitira pokumana ndi timu imodzimodzi. Yachiwiri ndi kuyeza kulemera kwa ulendo wonse, ndiye kuti mphamvu za matimu onse omwe anakumana nawo.

Njirazi n'zodziwika kwambiri ku America m'ligi ya Major League Baseball, momwe timu iliyonse imasewera kokwana 162 pa chaka koma sikumana ndi inzake mofanana. Kuyambira mu 2023 timu iliyonse imakumana ndi matimu ena onse 29, ndipo masewero a m'chigawo anachepetsedwa kuchoka pa 76 kufika pa 52. Mu Super League ya ku Malawi vutoli kulibe, chifukwa timu iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakhomo ndi koyenda.

Mpikisano wa mpira wamiyendo wa dziko lonse wa mu 2022 ku Qatar unaonetsa poyera kufooka kwa njira yoyamba. Pa 23 November, pa bwalo la Al Thumama mumzinda wa Doha, Spain inagonjetsa Costa Rica 7-0. Patapita masiku anayi Costa Rica inagonjetsa Japan 1-0. Wowerengera mdani mmodzi akanati Japan ilibe mwayi pamaso pa Spain, komatu pa 1 December inapambana 2-1 n'kutsogola m'gulu lawo. Nayo Tunisia inagonjetsa France 1-0, koma France inali itadutsa kale ndipo inapumitsa osewera ake ambiri odalirika. Masewero amodzi sakwanira kukhala muyeso.

Njira yachiwiri ndiyo imaonetsa kukula kwa zomwe Morocco inachita. Inalowa mumpikisanowu ili pa nambala 22 pa mndandanda wa FIFA. Inafanana mphamvu ndi Croatia yomwe inali pa 12, inagonjetsa Belgium ya pa 2 ndi Portugal ya pa 9, ndipo inatulutsa Spain ya pa 7 pa mapenate. Inaimitsidwa ndi France ya pa 4, itakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika m'ndime ya matimu anayi otsiriza.

FIFA imapereka mapointi ochuluka kwa timu yogonjetsa mdani wamphamvu kuposa yogonjetsa wofooka. N'chifukwa chake Morocco inakwera kufika pa nambala 11 mpikisano utatha. Mndandandawu si wokometsera chabe: ndiwo unagwiritsidwa ntchito pogawa matimu m'miphika pa maere omwe anachitikira ku Doha pa 1 April 2022. Timu yotsika pa mndandanda, monga momwe Flames imakhalira kawirikawiri pa maere a mu Africa, imagwera m'gulu limodzi ndi zimphona, ndipo njira yodzikwezera ndi kugonjetsa zimphona zomwezo.