Apolisi Odzipereka a ku Britain: Mbiri ya Ndodo Yobwereketsa

Pakati pa miyambo imene dziko la Britain linasunga kuchokera kwa makolo ake, ulipo umodzi umene mlendo amachedwa kuumvetsa, ndiwo wakuti munthu amene usana wonse wakhala akuphunzitsa ana m'sukulu, kapena kuwerenga ndalama m'banki, kapena kuyendetsa basi, angathe madzulo kuvala yunifolomu ya polisi, natuluka kukayendera misewu ali ndi mphamvu zonse za kumanga wolakwa, koma osalandirapo malipiro ngakhale khobidi limodzi. Anthu otere eni dziko amawatcha special constables, ndipo ife tiwatcha apolisi odzipereka. Ambiri amayesa kuti iwowa anadza pambuyo kudzathandiza apolisi olembedwa ntchito. Koma mbiri ikuti wodziperekayo ndiye mkulu, ndipo wapolisi wa malipiro ndiye mng'ono wake wobadwa mochedwa.

Mwambowu tingautsate kufikira m'chaka cha 1285, pamene mfumu Edward I inakhazikitsa lamulo lotchedwa Statute of Winchester, limene linasenzetsa mwamuna aliyense katundu wa kusunga mtendere. Lamulolo linati zipata za mizinda ya malinga zizitsekedwa kuyambira polowa dzuwa kufikira potuluka pake, amuna a mumzinda azilonda usiku, ndipo aliyense wa zaka zoyambira 15 kufikira 60 asunge zida m'nyumba mwake monga mwa chuma chake. Mbala ikaoneka, woiona anayenera kukuwa mfuu, ndipo yense wakumva mfuuyo anayenera kusiya ntchito ya m'manja mwake ndi kulondola mbalayo mudzi ndi mudzi. Ndipo ikapulumuka, dera lonse limene munachitikira umbavawo ndilo linkalipa zobedwazo. Kwa makolo a Angerezi, tsono, kugwira mbala anali mangawa a munthu aliyense kwa mnansi wake, pakuti mutu umodzi susenza denga.

M'dera lililonse la tchalitchi ankasankhanso mwamuna mmodzi kukhala constable kwa chaka chimodzi, popanda malipiro, ndipo chaka chikatha ndodo ya udindo inkapita kwa wina. Ntchitoyo inali yolemetsa ndi yosayamikika: kuleretsa ndewu, kusunga wogwidwa kufikira tsiku la mlandu, kupirikitsa oyendayenda opanda kwawo, zonsezo munda wake kapena sitolo yake ili chigonere. Pachifukwa ichi anthu opeza bwino anayamba kulipira osauka kuti awagwirire chaka chawo, kotero kuti pofika zaka za m'ma 1700 ulonda wa mzinda wa London unali utagwera m'manja mwa nkhalamba zonyamula nyali ndi ndodo, zimene mbala sizinkaziopa konse. Pakabuka chipwirikiti chachikulu oweruza ankatsata lamulo la m'chaka cha 1673, la m'masiku a mfumu Charles II, limene linawalola kulumbiritsa anthu wamba kukhala apolisi kwa kanthawi. Ndipo apa ndi pamene apolisi odzipereka a lero amawerengera chiyambi chawo.

Angerezi anakana nthawi yaitali kukhala ndi apolisi a boma, poopa kuti adzasanduka akazitape ndi chida cha ufumu wankhanza monga ankamvera za ku France. Koma chimene chinachitika ku Manchester pa 16 Ogasiti 1819 chinaonetsa poyera kuti njira yakale nayonso inali ndi mwazi wake. Tsiku limenelo anthu pafupifupi 60,000 anasonkhana pabwalo la St Peter's Field kudzamvera Henry Hunt akulankhula za ufulu wa kuvota, ndipo oweruza, atalumbiritsa mazana a apolisi odzipereka, naona kuti sakwanira kukamgwira Hunt pakati pa khamulo, anaitana asilikali okwera pa akavalo, amene oyamba kufika anali nawonso odzipereka, eni masitolo ndi amalonda a m'deralo. Anthu osachepera 15 anafa, mazana ambiri navulala. Patapita zaka khumi, mu 1829, Robert Peel anakhazikitsa gulu la Metropolitan Police mu London, amuna olembedwa ntchito, ovala zabuluu wodera kuti asafanane ndi asilikali ovala zofiira, onyamula chibonga m'malo mwa mfuti. Komabe Nyumba ya Malamulo sinataye mwambo wakale uja, pakuti mu 1831 inapanga lamulo lopatsa oweruza mphamvu ya kulumbiritsa apolisi odzipereka ngakhale chipolowe chisanabuke, akangoona zizindikiro zake. Wolumbirayo ankalandira mphamvu zonse za constable, ndipo wokana kulumbira ankalipa chindapusa cha mapaundi 5. Tione pamenepa kuti m'masiku amenewo kudziperekako kunali ndi chikakamizo kumbuyo kwake.

Tsiku lalikulu koposa m'mbiri ya gululi ndi la 10 Epulo 1848. Chaka chimenecho mipando ya mafumu inkagwedezeka m'maiko a ku Ulaya, mfumu ya ku France inali itathawa kale mu Febuluwale, ndipo anthu ogwira ntchito a ku Britain otchedwa Chartists, amene ankapempha kuti mwamuna aliyense aloledwe kuvota, ndi kuti kuvotako kukhale kwachinsinsi, anapangana kusonkhana ku Kennington Common ndi kuguba kukapereka chikalata cha madandaulo awo ku Nyumba ya Malamulo. Mantha anagwira boma: Mfumukazi Victoria anaisamutsira ku chilumba cha Isle of Wight, chitetezo cha mzinda anachipereka kwa nkhalamba ya nkhondo Duke of Wellington, ndipo analumbiritsa apolisi odzipereka pafupifupi 85,000, ena amati anaposa pamenepo kutalitali. M'khamu limenelo munali William Gladstone, amene pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu, munalinso mlendo wothawa kwawo, Louis Napoleon, amene chaka chisanathe anasankhidwa kukhala pulezidenti wa France, nadzakhala mfumu Napoleon III mu 1852. Milatho ya pa mtsinje wa Thames inatsekedwa, mtsogoleri wa msonkhanowo Feargus O'Connor anavomera kuti anthu ake asagube, ndipo chikalata chija chinapita ku Nyumba ya Malamulo pa ngolo za hayala. Mwazi sunakhetsedwe, ndipo olemera anayamika Mulungu. Koma wofatsa poyang'ana aona kuti tsiku limenelo iwo okhala ndi chuma ndi voti anapatsidwa ndodo kuti aimirire panjira ya iwo opanda chuma ndi voti, ndi kuti ambiri mwa makalaliki ndi antchito amene analumbira anatero chifukwa mabwana awo anawauza kutero.

Nkhondo yaikulu ya 1914 ndiyo inaonetsa ubwino weniweni wa mwambowu, pakuti apolisi ambiri achinyamata atapita kunkhondo, malo awo anatsekedwa ndi amuna achikulire ndi ena osayenera usilikali, amene ankaweruka kuntchito ndi kukachezera usiku akulonda madamu a madzi akumwa, milatho, njanji ndi nyumba za magetsi, nayang'anira kuti nyali zizimitsidwe pamene zombo za m'mlengalenga za Ajeremani, zotchedwa Zeppelin, zinkadza kudzaponya mabomba. Mu Seputembala 1916 chimodzi mwa zombozo chinatera chitawonongeka pafupi ndi mudzi wa Little Wigborough m'chigawo cha Essex, ndipo asilikali ake oposa 20, atachitentha, nayamba kuyenda mumsewu usiku, anakumana ndi wapolisi wodzipereka mmodzi, Edgar Nicholas, ali panjinga yake yakapalasa. Iyeyo anayenda nawo kufikira mudzi wa Peldon, kumene anawapereka kwa wapolisi wa pamalopo. Pa nthawi imeneyo mdani anali wakunja, wolonda ndi wolondedwa anali amodzi, ndipo palibe amene anafunsa kuti ndodoyo ili mbali ya yani. Poona phindu lake, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa gululi mu 1923 kuti likhale lachikhalire, losayembekezanso chipolowe kapena nkhondo.

Koma sipanapite zaka zitatu funso lakale lija lisanabwerere. Mu Meyi 1926, eni migodi ya malasha atafuna kutsitsa malipiro ndi kutalikitsa maola a ntchito, mabungwe a anthu apantchito anaitanitsa sitalaka ya dziko lonse imene inatha masiku 9, ndipo boma la Stanley Baldwin linalumbiritsa apolisi odzipereka zikwizikwi, ambiri a iwo amalonda, antchito a m'maofesi ndi ophunzira a m'mayunivesite. Kwa wokumba malasha, mnyamata wophunzira amene anaima pamaso pake ndi chibonga sanali mnansi wosunga mtendere, anali mwana wa bwana. Ndipo chidani chimene chinadzalidwa masiku amenewo chinakhala m'mitima ya anthu a m'midzi ya migodi kwa mibadwo, pakuti mlandu suola.

Kumene nthendayi inakula kufikira imfa ndi ku Northern Ireland. Mu 1920, dziko la Ireland lili pankhondo yofuna kudzilamulira, boma la Britain linakhazikitsa gulu la Ulster Special Constabulary m'magawo atatu, ndipo gawo limene linakhalitsa ndi lija lotchedwa B Specials, la amuna ogwira ntchito zawo usana ndi kulonda usiku m'madera a kwawo, onyamula mfuti, ambiri nazisunga m'nyumba zawo. Pafupifupi onsewo anali Apulotesitanti, m'dziko limene munalinso Akatolika ambiri. Kotero kuti munthu wobwerera kwawo usiku ankaimitsidwa pamsewu ndi mnansi wake womdziwa kuyambira ubwana, namfunsa dzina lake atamloza ndi mfuti. Kwa Apulotesitanti iwo anali linga la dziko, kwa Akatolika anali gulu lankhondo la mbali imodzi lovala zovala za boma. Mu Januwale 1969 ena a iwo, asali pantchito, anapezeka m'gulu limene linagenda ndi kumenya anthu oguba mwamtendere pa mlatho wa Burntollet. Chaka chomwecho bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Lord Hunt linalangiza kuti gululo lithetsedwe, ndipo linathetsedwadi mu 1970. Mwambo womwewo unafikanso m'maiko a atsamunda, pakuti pamene bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza za chisokonezo mu Nyasaland pa 3 Malichi 1959, namanga Dr Hastings Banda ndi atsogoleri ena a chipani cha Congress, pakati pa othandiza apolisi ndi asilikali panali apolisi odzipereka, ambiri a iwo Azungu okhala m'dzikomo. Ndipo pamenepo mpata wa pakati pa wolonda ndi wolondedwa unali wa khungu.

Choopsa china n'chakuti boma likakhala pa liwiro lofuna manja ambiri, silipenyetsetsa manja amene likulandira. Mu 1939, nkhondo yachiwiri itayamba, John Christie analowa m'gulu lothandizira polisi lotchedwa War Reserve mu London popanda wina kufufuza mbiri yake, chinkana anali atakhalapo kundende pa milandu ya kuba ndi kumenya mkazi. Anavala yunifolomu zaka zinayi, ndipo mu 1943, akali wapolisi, anapha woyamba mwa akazi ambiri amene anawapha, ndipo anapachikidwa mu 1953. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma chilungamo chifuna kuti titchulenso iwo amene analipira ndi moyo wawo ntchito yosawalipira, monga Glenn Goodman, wapolisi wodzipereka amene anawomberedwa ndi munthu wa gulu lankhondo la ku Ireland lotchedwa IRA mu Juni 1992 pafupi ndi Tadcaster ku North Yorkshire, ataimitsa galimoto usiku pamodzi ndi wapolisi mnzake.

Lero wofuna kulowa m'gululi, mwamuna kapena mkazi, amafufuzidwa mbiri yake monga wapolisi wina aliyense, amaphunzitsidwa malamulo ndi kagwiridwe ka munthu, kawirikawiri Loweruka ndi Lamlungu, nalumbira pamaso pa woweruza kuti adzatumikira mopanda tsankho. Amayembekezeka kupereka maola pafupifupi 16 pamwezi, ndipo chimene amabwezeredwa ndi ndalama za ulendo ndi chakudya chokha. Ntchito yake yaikulu ndi ya Lachisanu ndi Loweruka usiku pamene malo omwera mowa akutsekedwa, ya pa masewero a mpira ndi zikondwerero, ya pamsewu, ndi ya kufunafuna anthu osowa. Ndipo ena amadza ndi luso limene polisi ilibe lokwanira, monga la kompyuta, la kuwerengera chuma kapena la zinenero za alendo. Komabe chiwerengero chawo chikutsika, pakuti ku England ndi Wales analipo oposa 20,000 mu 2012, ndipo patapita zaka khumi sanafike ndi 10,000 omwe. Ena amalowa pofuna kuyesa ntchitoyo, nasamukira ku upolisi wa malipiro, ena amagonja ndi kulemera kwa ntchito ziwiri.

Akuluakulu a polisi akamadandaula za kutsikaku amawerenga mitu ndi maola, ndipo sitiwatsutsa, pakuti maola operekedwa mwaulere amapeputsa thumba la boma. Koma zaka mazana asanu ndi awiri za mwambowu zikuphunzitsa kuti kuchuluka kwa odzipereka sikunakhalepo muyeso wa ubwino wawo: anachuluka kwambiri mu 1848 ndi mu 1926, pamene theka limodzi la mtundu linkaopa theka linzake. Wodzipereka amapindulitsa polisi pamene achokera mwa anthu omwewo amene akuwalonda, wa chipembedzo chilichonse, wa khungu lililonse, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo akatha ntchito ya usiku abwerera kukakhala pakati pawo, kumene adzayankha pa zimene anachita. Chifukwa chake boma lililonse lofuna kubwereketsa ndodo yake kwa anthu wamba liyenera, lisanafunse kuti abwera angati, kufunsa kuti abwerawo ndani, awasankha ndani, ndipo ndani amene sanaitanidwe.