Ndege zokhomera m'galaja: kuyambira pa matabwa mpaka pa mawaya

M'chaka cha 1929, Bernard Pietenpol wa m'kamudzi ka Cherry Grove ku Minnesota, m'dziko la America, anaulutsa ndege imene anakhoma yekha ndi matabwa, kuikuta ndi nsalu, n'kuikamo injini ya galimoto ya Ford Model A. Mapulani a ndegeyi, yotchedwa Air Camper, atasindikizidwa mu 1932, anthu wamba anayamba kukhoma zawo. Ndegeyi inalibe batire ngakhale sitata. Kuti injini ilire, munthu ankapukusa propela ndi manja n'kudumphira pambali msangamsanga.

Ku France zinthu zinavuta. Henri Mignet anatulutsa buku mu 1934 lophunzitsa kapangidwe ka kandege kake ka Pou-du-Ciel, ndipo anthu anakathamangira. Koma mapiko ake awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, ankasokonezana kandegeko kakaweramira pansi, moti sizinkathekanso kukadzutsa. Anthu angapo atafa, boma linakaletsa mu 1936.

Ku America dongosolo linabwera mu 1953 pamene Paul Poberezny anayambitsa bungwe la Experimental Aircraft Association ku Milwaukee. Msonkhano wake wapachaka wakhala ukuchitikira ku Oshkosh kuyambira 1970. Lamulo la ku America limalola ndege yotere kuuluka ngati ntchito yoposa theka yagwiridwa ndi anthu osachita zamalonda, ongofuna kuphunzira kapena kusangalala.

Kenako zipangizo zinasintha. Richard VanGrunsven wa ku Oregon anayamba kugulitsa zigawo za aluminiyamu za ndege zake za RV, zomwe zoposa 10,000 zaulukapo. Burt Rutan naye anabwera ndi VariEze mu 1975, ndege ya fomu yokutidwa ndi faibagalasi.

Chodabwitsa n'chakuti pamene kukhoma thupi la ndege kunkapepuka, mawaya ndiye anayamba kutulutsa thukuta. Masiku ano zigawo zimafika m'bokosi, mabowo ali oboolaboola kale, koma kutsogolo kwa woyendetsa kuli makompyuta a Garmin kapena Dynon, wailesi ndi GPS, ndipo chilichonse chikufuna waya wakewake ndi fiyuzi yake. Waya wam'nyumba wokutidwa ndi PVC safunika, chifukwa akapsa amatulutsa utsi wapoizoni, ndipo m'mwambamo mulibe pothawira. Amisiri amasankha wokutidwa ndi Tefzel. Ambiri amakonda kufinya nsonga za waya ndi chopanira m'malo moziwotcherera ndi mtovu, popeza mtovu umaumitsa waya ndipo kunjenjemera kwa injini kumadzamuthyolera pomwepo.

Ndege za Rutan zinabweretsanso vuto lina. Pa ndege ya aluminiyamu, thupi lomwelo limabweza magetsi ku batire monga pa galimoto. Magetsi sadutsa mu faibagalasi, choncho nyali iliyonse imafuna waya wachiwiri wobwerera. Phindu lake n'lakuti eriyo ya wailesi amatha kuibisa mkati mwa phiko.