Dwaram Venkataswamy Naidu: Mphunzitsi Amene Anaika Vayolini Patsogolo

Nkhani yathu ya lero icokera kutali, kum'mwera kwa dziko la India, kumene kuli maimbidwe akale ochedwa Carnatic. Tifuna kukuuzani za munthu wina amene maso ake sanali kuona bwino, koma amene anatsegula makutu a anthu a kwao kuti amve zimene coimbira cacilendo cingathe kucita.

Coimbiraco ndi vayolini. Inu amene mudziwa kaligo simudzabvutika kuciganizira, pakuti naco ciimbidwa ndi uta, koma cili ndi nsambo zinai. Vayolini anafika ku India ndi Azungu. Pakati pa amene anayamba kuimbira nyimbo za Carnatic pa coimbiraci amachulapo Baluswami Dikshitar, amene anabadwa m'caka ca 1786 ndipo anaphunzira kagwiridwe ka Cizungu ku Madras. Koma Amwenye sanatsate zonse za alendo ai. Mzungu aimba ataimirira kapena atakhala pampando, vayolini ali pansi pa cibwano. Mmwenye akhala pansi, atapinda miyendo, natsamiritsa mutu wa vayolini pa kakolo wa phazi, thupi lake lili pacifuwa. Potero dzanja lamanzere limasuka, ndipo zala zitsetsereka pa nsambo motsanzira kugwedera kwa liu la munthu, kumene iwo akucha gamaka. Nsambo nazonso anazikunga mwa njira yao.

Ngakhale zinali conco, kwa zaka zambiri woimba vayolini anali woperekeza cabe. Nchito yake inali kukhala pambali pa woimba ndi pakamwa, kumtsatira ndi kumuyankha. Ulemu waukulu unali kupita kwa mwini liu.

A Dwaram Venkataswamy Naidu anabadwa pa 8 Novembala 1893 ku Bangalore, nakulira kufupi ndi mzinda wa Visakhapatnam. Cifukwa ca kufooka kwa maso, sukulu ya mabuku sanapite nayo patali. Mphunzitsi wao woyamba wa vayolini anali mkulu wao weniweni, a Venkatakrishnayya. Taganizirani mnyamata amene tsamba la buku limuonekera ngati nkhungu: cimene cinamtsalira ndi khutu, zala ndi kupirira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekha, kubwereza liu limodzimodzi kufikira litayera.

M'caka ca 1919 mfumu ya ku Vizianagaram inatsegula sukulu ya zoimba mumzindamo. Anthu asimba kuti a Dwaram anapita kumeneko kukapempha malo a wophunzira, koma amene anawayesa atamva kaimbidwe kao anawapatsa mpando wa mphunzitsi wa vayolini. Mu 1936 anakhala mkulu wa sukuluyo, kulowa m'malo mwa a Adibhatla Narayana Das. Pasukulu yomweyo anaphunzirapo a Ghantasala, amene pambuyo pake anachuka poimba nyimbo za m'mafilimu a cinenero ca Telugu.

Tsono mu 1938, mumzinda wa Vellore, a Dwaram anakhala pakati pa bwalo, pamalo a mwini liu, vayolini wao nakhala ndiye mtsogoleri wa nyimbo zonse. Mungafunse kuti codabwitsa n'ciani pamenepa. Nyimbo za Carnatic zambiri ndi mapemphero okhala ndi mau, ndipo omvera awadziwa pamtima. Coimbira copanda lilime ciyenera kuimba momveka kotero kuti womvera azimva mau aja mumtima mwake. A Dwaram anacita zimenezi ndi uta wofatsa ndi liu loyera, losakanda khutu. Anali kumvetseranso nyimbo za Azungu ndi za kumpoto kwa India, natengako zowathandiza, osataya mwambo wa kwao. Motero anakhala mmodzi wa oyamba kusonyeza kuti vayolini angathe kuima payekha.

Dziko lao linawalemekeza. Mu 1941 bungwe la Music Academy la ku Madras linawapatsa dzina laulemu la Sangita Kalanidhi. Mu 1953 analandira mphoto ya Sangeet Natak Akademi, ndipo mu 1957 boma la India linawapatsa ulemu wa Padma Shri. Anamwalira pa 25 Novembala 1964 ku Hyderabad. Mu 1993, pokumbukira zaka 100 cibadwire, boma linaturutsa sitampa yokhala ndi cithunzi cao. Mwana wao wamkazi, a Dwaram Mangatayaru, anapitiriza luso la atate ao la kuimba ndi kuphunzitsa vayolini.

Awerengi, onani zinthu ziwiri zimene anthu akanazipeputsa: coimbira ca mlendo, ndi mwana wosaona bwino. Zonse ziwiri zinapeza malo cifukwa panali anthu amene anayamba amvetsera asanaweruze. Inu aphunzitsi ndi makolo, mwana amene bolodi limubvuta musafulumire kunena kuti alibe nzeru. Yambani mwafufuza cimene makutu ake ndi manja ake angathe.