Khalid bin Walid ndi Salahuddin: Wamkulu Ndani?

Abale ndi alongo, tikamacheza za ngwazi zankhondo m'mbiri ya Chisilamu, maina awiri sasowa pakamwa: Khalid bin Walid (R.A.) ndi Salahuddin Ayyubi. Awiriwa adasiyana ndi zaka zoposa 500, koma onse adamenya nkhondo zawo zazikulu m'dera limodzi la Syria ndi Palestine. Nanga wamkulu ndani?

Tikanena za luso la nkhondo, Khalid alibe mnzake. Pa Uhud m'chaka cha 625, akadali kumbali ya Makuraishi, ndiye adazungulira phiri ndi apakavalo nadzidzimutsa Asilamu kumbuyo. Atalowa Chisilamu adapulumutsa gulu la Asilamu pa Mu'tah mu 629, ndipo Mtumiki (S.A.W.) adamutcha Lupanga la Allah. Mu 636 adagonjetsa Aroma pa Yarmouk, ndipo pasanathe zaka ziwiri mzinda wa Jerusalem udadzipereka kwa Khalifa Umar (R.A.).

Salahuddin, Mkurdi wobadwira ku Tikrit, adali wina. Iyeyu nkhondo zina adagonja ndithu, monga pa Montgisard mu 1177 ndi pa Arsuf mu 1191. Mphamvu yake idali kudekha. Adakhala nduna yaikulu ku Egypt mu 1169, ndipo adatha zaka zambiri akulumikiza Egypt ndi Syria pansi pa ulamuliro umodzi. Atatero mpamene adaphwanya ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya pa Hattin mu 1187, nalanda Jerusalem yemwe adali m'manja mwawo zaka 88.

Komatu mayeso enieni a amunawa adadza malupanga atabwezedwa m'chimake. Khalid adachotsedwa pa udindo ndi Khalifa Umar, m'malo mwake mudalowa Abu Ubaidah (R.A.). Taganizani, munthu wokondedwa ndi asilikali chotere akadafuna kugalukira, akadamletsa ndani? Koma iye adamvera, napitiriza kumenya nkhondo pansi pa mnzake. Adamwalira mu 642, ali gone pamphasa, osati kunkhondo.

Salahuddin mayeso ake adali kubwezera. Mu 1099 ankhondo a mtanda polowa mu Jerusalem adapha Asilamu ndi Ayuda ambirimbiri. Iye polowa sadalole kuphana. Adaika dipo la madinari 10 kwa mwamuna ndi 5 kwa mkazi, ndipo osauka ambiri adawamasula ulere, ngakhale ena osowa dipo adatengedwa ukapolo. Pomwalira ku Damascus mu 1193, chuma chake sichidakwane ngakhale zoyendetsera maliro ake, poti adali atagawa chonse.

Tsono yankho nali: pabwalo la nkhondo Khalid adaposa, pa kumanga dziko Salahuddin adaposa. Koma chomwe tikuwakumbukira nacho n'chimodzi. Wina adadziwa kutula udindo popanda chiwawa, wina adadziwa kupambana popanda nkhanza. Atsogoleri a masiku ano, kuyambira pabanja mpaka pa dziko, atolepo phunziro pamenepa.