Za Mbale Zinai Zosunga Mbiri ya Jazz

Ambiri a ife tinaonapo galamafoni, kapena tinamva akulu alikusimba za mbale zakuda zija zoyimba pozikanda ndi singano. Mwezi uno tifuna kufotokoza za nyimbo zochedwa jazz, ndi kuchula mbale zinai zimene munthu wofuna kudziwa mbiri yace ayenera kuyamba nazo.

Nyimbozi zinabadwira ku New Orleans, mudzi waukuru wa padooko ku America, pakati pa zidzukulu za akapolo ocokera kuno ku Africa. Ukapolo utatha m'caka ca 1865, anthu akuda anatenga malipenga onga a asilikari, nawaphatikiza ndi nyimbo za m'mapemphero, za kumunda, ndi za cisoni zochedwa blues. Mwambo wace ndi uwu: woyimba satsata zolembedwa zokha, koma apeka pomwepo alikuyimba, ndipo anzace amyankha monga acitira obvomereza pagule. Cifukwa cace nyimbo ya lero siimveka cimodzimodzi mawa; ikapanda kugwidwa m'mbale, yatayika. Zinatero ndi Buddy Bolden, amene anzace anamyesa mfumu ya lipenga. Iyeyo anadwala misala m'1907, namwalira m'1931, ndipo sinapezeke mbale ndi imodzi yomwe ya mau a lipenga lace.

Mbale yoyamba ya jazz inaturuka m'1917, ndipo oyimba ace anali Azungu asanu. Eni nyimbo anatsata pambuyo. Masiku amenewo mbali imodzi ya mbale inali kutha pa mphindi zitatu zokha. M'kanthawi kocepa kotere Louis Armstrong, ndi magulu ace a Hot Five ndi Hot Seven, anacita zodabwitsa ku Chicago kuyambira 1925 kufikira 1928. Iye anaonetsa kuti munthu mmodzi akhoza kuimirira ndi kulankhula ndi lipenga, anzace alikumcirikiza. Nyimbo zimenezo zinasonkhanitsidwa pamodzi pambuyo pace, ndipo ndizo tiziika poyamba. Yomveka koposa ndiyo West End Blues ya 1928.

M'1948 a Columbia anaturutsa mbale yozungulira pang'onopang'ono, yotenga mphindi zoposa 20 mbali imodzi, ndipo oyimba anapeza danga lakunena mau ao onse. Yaciwiri yathu ndiyo Ellington at Newport ya 1956. Duke Ellington anali atayamba kuiwalika. Koma usiku umenewo woyimba wace Paul Gonsalves anabwereza cigawo ca nyimbo ka 27 ndi lipenga lochedwa saxophone, osapumula, kufikira khamu linanyamuka kubvina, ndipo dzina la Ellington linamvekanso.

Yacitatu ndiyo Kind of Blue ya Miles Davis, imene inayimbidwa masiku awiri okha m'1959 ku New York. Davis anapatsa anzace zizindikiro zowerengeka, nawasiya apeke okha njira. Iri yofatsa, yosapokosera, ndipo wosazolowera jazz sadzabvutika nayo.

Yacinai ndiyo A Love Supreme ya John Coltrane, mmodzi wa oyimba a m'mbale yacitatu ija. Munthuyu anali kapolo wa mowa ndi mankhwala oledzeretsa, namasuka m'1957. Pa 9 December 1964 anayimba nyimbo yaitali ya zigawo zinai yakuyamika Mulungu amene anamlanditsa, ndipo inaturuka m'1965. Iri yolimba kuimva poyamba, koma wopirira nayo adzamva munthu alikupemphera ndi lipenga.

Anai onsewa anamwalira: Coltrane m'1967, Armstrong m'1971, Ellington m'1974, ndi Davis m'1991. Komatu tiwamvabe, pamene za Bolden tingomva mbiri cabe, ndipo cowasiyanitsa ndi mbale. Tsono wogula asathamangire kucuruka kwa mbale. Ayambe ndi izi, nazimve motsata zaka zace, kawiri ndi katatu, pakuti mau a akulu akoma akagonera.