Dipstick

Dipstick ndi mawu a Chingerezi otanthauza kandodo kapena kachitsulo koviika m'chinthu chamadzimadzi pofuna kudziwa kuchuluka kwake. Amakaniki a ku Malawi amatchula kuti dipisitiki. Mawuwa ndi ophatikiza awiri: dip, kutanthauza kuviika, ndi stick, kutanthauza ndodo. Onsewa ndi akale kwambiri, ndipo m'Chingerezi chamakedzana ankalembedwa dyppan ndi sticca. Dip yemweyu ndi amene anatipatsa mawu akuti dibi, malo osambitsirako ng'ombe. Dzina lophatikizali linafala m'zaka za m'ma 1920, pamene galimoto zinayamba kuchuluka.

Tanthauzo lodziwika kwambiri ndi la kachitsulo koyezera oyilo mu injini. Woyeza amazimitsa injini, kudikira kuti oyilo atsike, kusolola kachitsuloko, kukapukuta, kukabwezeranso, kenako kuona pamene oyilo walekezera pakati pa zizindikiro ziwiri. Ku Nkhotakota kachitsuloka kamapezeka m'maminibasi a mumsewu wa M5, m'mathirakitala a m'minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi m'zigayo za dizilo. Injini za maboti zimene oyilo amasakanizira m'petulo zilibe kachitsuloka.

Kuchipatala, dipstick ndi kapulasitiki kopyapyala kokhala ndi timabokosi ta mankhwala timene timasintha mtundu tikaviikidwa mu mkodzo. Kachipangizo kotere kotchedwa Clinistix, koyezera shuga, kanatuluka mu 1956 ku America, ndipo anakonza ndi Alfred ndi Helen Free. Kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja, tanthauzo ili ndi limene lili lofunika koposa. Likodzo ndi lofala kumeneko chifukwa tizilombo take, Schistosoma haematobium, timachokera mu nkhono za m'madzi ndi kulowa pakhungu la munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza. Mwana angakhale ndi magazi mu mkodzo osaoneka ndi maso, makolo nkumati ali bwino, koma kapulasitikika kamawaonetsa m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Komabe sikanena chimene chabweretsa magaziwo. Mazira a likodzo amaoneka pa maikulosikopu. Mankhwala ake ndi praziquantel. Kusikelo, anamwino amayezeranso mkodzo wa amayi oyembekezera pofufuza vuto la kuthamanga kwa magazi.

M'Chingerezi cha m'misewu, dipstick ndi mawu onyoza otanthauza chitsiru. Ku Britain anatchuka ndi sewero la pa BBC la Only Fools and Horses, limene linayamba mu 1981, momwe Del Boy amatchula mng'ono wake Rodney ndi dzinali.