Ndodo, Mgolo ndi Boti la Amalume

Liu loti "stave" ndinalipeza m'buku la Charles Dickens la 1843, A Christmas Carol, m'mene mitu yake isanu anaitcha "staves". Dikishonale inati ndi thabwa la mgolo. Mgolo ukudzatani m'nthano ya mizukwa?

Kwathu ku Mangochi migolo ndi yachitsulo, choncho ndinayamba kufufuza. Gwero lake ndi "staff", ndodo. Zikachuluka ndi "staves". Mgolo wa Angerezi unali matabwa opindika, oimikidwa ngati ndodo, omangidwa ndi mikombero. Oimba nawo anatengera dzinalo pa mizere isanu yolembapo nyimbo, ndiponso pa ndime. Dickens ankayesa buku lakelo nyimbo. "Stave off" ndiko kuingitsa ndi ndodo: poyamba galu, pambuyo pake njala.

Koma tanthauzo la amalinyero ndilo linandilasa. Kuswa mgolo kunasanduka kuboola chombo: "stove in". Usiku wina wa mwera boti la matabwa la amalume linagunda mwala cha ku Monkey Bay, thabwa limodzi n'kuloŵa m'kati. Iwo anapulumuka, khoka la ngongole linamira. Agogo, amene sanasiyepo bwato lawo losema, anangopukusa mutu.